Sitima Inandisiya ku Zanzibar, Ine N'kunamizira Wosalakwa

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikusimba nkhani ya mmene sitima yapamadzi inandisiyira pachilumba cha Zanzibar. Ndaisimba kutchalitchi tikaweruka, ndaisimba pamaliro usiku tikuotha moto, ndaisimbanso kwa aphunzitsi anzanga amene tinapumira limodzi pantchito. Anthu amaimvetsera atagwira pakamwa, ena n'kumati, "Pepani aphunzitsi, kunja kulibe m'bale." Koma nthawi zonsezi ndakhala ndikunama pamalo amodzi, ndipo malowo ndi pamtima penipeni pa nkhaniyo. Ndimati dalaivala wina anandithawa. Sanandithawe ayi. Lero ndikufuna ndiifotokoze monga inachitikira.

Ulendowo unali mphatso. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Durban, anasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti ine ndi mayi ake tikakwere sitima ya alendo panyanja ya mchere, titakwanitsa zaka 35 tili pabanja. Ine ndine mwana wa kunyanja, wobadwira ku Nkhotakota, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa za sitima. Ilala ndaikwera kosawerengeka. Ndikudziwa mmene imaimira patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ndi matumba a ufa, njinga ndi nkhuku. Koma imene tinakwera ku Durban inali mudzi wathunthu woyandama, wa nyumba zosanjikizana, zikepe, ndi dziwe losambiramo pamwamba penipeni. Pokwera anatenga mapasipoti athu kukawasunga, n'kutipatsa timakhadi tosonyeza potuluka ndi polowa.

Madzulo alionse ankatilowetsera kapepala kunsi kwa chitseko, konena za tsiku lotsatira. Mayi a kunyumba Chingerezi chimawavuta, kotero wowerenga ndinali ine. Usiku woti mawa tifika ku Zanzibar, kapepalako kanali ndi mizere iwiri ya zilembo zikuluzikulu. Woyamba unkati boti lomaliza lobwerera kusitima lidzachoka padoko 5 koloko madzulo, ndipo sitima idzanyamuka 6 koloko. Wachiwiri unkati tisanagone tisunthire mawotchi athu kutsogolo ndi ola limodzi, chifukwa nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi South Africa. Mizere yonse iwiri ndinaiwerenga mokweza. Wotchi yanga yapamkono, imene anandipatsa kusukulu tsiku lotsanzikana nane, inali pathebulo. Ndinati ndiisuntha m'mawa. M'mawa tinadzutsidwa ndi phokoso la nangula, ndinathamangira pawindo kukaona chilumba, ndipo wotchi ndinangoivala mmene inalili.

Zanzibar sanali malo wamba kwa ine. Agogo anga aakazi ankasimba za malume a mayi awo, amene anagwidwa ali mnyamata akuchokera kodula bango, osaonekanso. Kwathu aliyense amadziwa za Jumbe, amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840 n'kumagula minyanga ndi anthu. Ogwidwawo ankawaolotsa nyanja pazombo, n'kuwayendetsa wapansi miyezi yathunthu ali m'magoli mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri mwa opulumuka panjira ankathera pamsika wa ku Zanzibar. Mkuyu umene amati Livingstone anakhala pansi pake ndi Jumbe ulipo mpaka lero. Ndaperekezako ana a sukulu kambirimbiri. Njira yonseyo ndaijambula pabolodi ndi choko kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo nthawi zonse choko chinkathera pakadontho kolembedwa kuti Zanzibar. Tsopano kadonthoko kanali pamaso panga, ndi nyumba zake zoyera, mitengo ya kokonati, ndi zombo zamatanga zofanana ndi zimene agogo ankanena.

Sitima inaima patali monga imachitira Ilala kwathu, ndipo maboti anatitula padoko. Wotiyendetsa anatilowetsa m'tauni yakale, Stone Town, imene eni ake amati Mji Mkongwe. Tinjira take n'topapatiza moti galimoto silingalowe, ndipo nyumba za mbali ziwiri zimatsala pang'ono kugundana mitu. Tinadutsa zitseko zikuluzikulu zosemedwa, zokhomedwa zitsulo zamkuwa, fungo la karafuu ndi khofi lili guu, mpaka tinafika ku Mkunazini, kutchalitchi cha mpingo wathu wa Anglican.

Tchalitchicho chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu 1873, m'nthawi ya Sultan Barghash, ndipo mwala wa maziko unaikidwa pa Khirisimasi ya chaka chomwecho. Bishopu Edward Steere, amene anayang'anira ntchito yomanga, anamwalira mu 1882 ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Patsogolo pa guwa pali chizindikiro chozungulira, pamene amati panali mtengo womangirirapo anthu powakwapula. Mishoni imene inamanga pano ndi yomwe ija inayambira ku Magomero mu 1861, n'kusamukira ku Zanzibar mu 1864, kenako n'kubwerera kunyanja kwathu kukakhazikika ku Likoma. Wotiyendetsa anationetsanso kamtanda kakang'ono kosemedwa kuchokera kumtengo wa muula umene Susi ndi Chuma, otumikira Livingstone, anakwirira pansi pake mtima wake kwa Chitambo, m'dera la Ilala, kumene sitima yathu ya kunyanja inatenga dzina. Kenako tinatsikira m'tizipinda ta pansi timene otiyendetsa amati ankasungiramo akapolo. Denga lake n'lotsika moti munthu sungaongoke, ndipo mpweya umalowera patimipata ting'onoting'ono. Panja pali dzenje, m'dzenjemo muli zifanizo za anthu zamwala, unyolo uli m'khosi. Mayi a kunyumba anaima pamenepo, n'kukoka chitenje kuphimba pakamwa, osanena kanthu.

Wotiyendetsa, pomaliza, anatchula malo ena. Anati msika utatsekedwa malondawo sanathe, anangobisala. Ku Mangapwani, makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa tauni, kuli chipinda chokumbidwa m'thanthwe m'mphepete mwa nyanja, mmene ankabisamo anthu podikira zombo za usiku. Mtima wanga unagwidwa pomwepo. Ndinamufunsa ngati tipitako. Anati ayi, sizili pandondomeko, ndipo anandichenjeza mosabisa kuti amene wadzipatula yekha akachedwa, sitima simudikira.

Miyendo ya mayi a kunyumba inali itayamba kutupa, ndipo gulu linkabwerera kusitima kukadya nkhomaliro. Anandigwira dzanja n'kuti, "Abambo, taona zokwanira. Tiyeni tibwerere limodzi." Ndinati, "Amayi, ndafika pano kamodzi m'moyo wanga. Pofika 5 koloko ndikhala ndili m'boti." Foni yanga ndinawapatsa kuti apite nayo, poopa akuba komanso kudyeredwa mayunitsi m'dziko la eni. M'thumba ndinatsala ndi kakhadi ka kusitima ndi timashilingi timene ndinasintha m'mawa.

Madalaivala a padoko, amene amadziwa Chingerezi, anatchula mitengo imene inandiumitsa pakamwa. Ndinayenda mpaka kumsika wa Darajani, ndipo kumeneko ndinapeza bambo wachikulire, wa ndevu zoyera ndi kofiya kumutu, atakhala pafupi ndi kagalimoto kakale koma kosamalidwa bwino. Chingerezi sankachidziwa. Ine zimenezo sizinandidetse nkhawa. Ndinakula ndikumva akuluakulu ena a kwathu akulankhula Chiswahili, ndinapitako kangapo ku Mbeya kokaoda katundu, ndipo mawu ambiri amamveka ngati athu. Ndinamupatsa moni m'Chiswahili, anasangalala, ndipo atamva kuti ndinali mphunzitsi anayamba kundiitana kuti Mwalimu. Ine ndinkamuti Mzee.

Titafika ku Mangapwani, anasonyeza ndi manja kuti andidikire. Kudikira kunali ndi mtengo wake, ndipo ndinakana. Ndinati abwerere kutauni, adzanditenge 4 koloko. Kuwerenga ndinkakudziwa: moja, mbili, tatu, nne. Choncho ndinati, "Saa nne," n'kumuonetsa zala zinayi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba, n'kubwereza mofunsa, "Saa nne?" Kenako analankhula mawu ambirimbiri. Ndinatolapo awiri okha, usiku ndi mbali. Ndinaganiza kuti akundilangiza kuti tichoke kusanade, ndipo ndinavomera ndi mutu. Anakodola mnyamata wina wogulitsa zinthu pafupi, amene ankaoneka kuti amadziwa Chingerezi, kuti adzatimasulire. Ndinamuletsa ndi dzanja. Sindinafune kuoneka ngati mzungu wosowa womasulira pakati pa anthu akuda anzanga. Ndikanangomuonetsa nambala 4 pawotchi yanga, nkhani yonseyi sikanakhalapo. Safunsa anadya phula, akulu anatero, ndipo ine mwambi umenewu ndaulemba pabolodi kwa ana a eni kambirimbiri.

Chipinda cha ku Mangapwani n'chobisika ndithu. Ukamayandikira umangoona denga lotsika pakati pa tchire, ndipo chipinda chenichenicho chili pansi, chozokotedwa m'mwala wa m'nyanja. Ndinatsikamo pang'onopang'ono. M'kati munali mdima ndi chinyontho, ndipo mkokomo wa mafunde unkamveka ngati ukuchokera m'makoma. Ndinagwira khoma ndi chikhatho. Ndinayesa kuganiza za mnyamata wa kubango uja, kaya anafika kuno kaya anafera panjira ya ku Kilwa, ndipo ndinapemphera m'Chichewa mokweza, kuti mwina makomawo amvenso chilankhulo chimene anachimvapo kale. Nditatuluka ndinakakhala pamchenga nthawi yaitali, mtima uli zii. Maola amenewo sindidandaula nawo. Ndi okhawo a tsikulo amene ndimawakumbukira mopanda manyazi.

Wotchi itakwana 4 koloko ndinakaima pamene Mzee ananditula. Sanabwere. Inakwana hafu pasiti folo, kuli chete. Ndinayamba kuyenda kulowera kumsewu waukulu, thukuta lili kamukamu, nsapato za kutchalitchi zikundiluma zala. Kagalimoto kamodzi konyamula anthu, kamene kumeneko amati daladala, kanadutsa katadzaza mpaka pakhomo, osaima. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti dzuwa linali litapendeka kwambiri kuposa mmene wotchi inkanenera. Munthu wokulira kunyanja ngati ine amadziwa nthawi poona mthunzi, koma ndinakhulupirira chitsulo cha pamkono n'kukana maso anga.

Ndinabwerera kugombe kuti ndikapemphe foni kwa asodzi amene ankakonza maukonde. Nditangotulukira pamchenga ndinaona sitima yaikulu, magetsi ali ngwee kuyambira pansi mpaka pamwamba, ikuyenda mwakachetechete kulowera kumpoto. Ndinayang'ana wotchi: kunatsala mphindi 15 kuti ikwane 6 koloko. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndi ina, yathu sinanyamuke. Koma chizindikiro cha pachumuni chake chinali chomwe chija cha pakakhadi kanga. Kamnyamata kena ka asodzi kanatulutsa foni n'kundionetsa. Inali 18:45. Pamenepo ndi pamene mzere wachiwiri wa kapepala kaja unandibwerera m'mutu, m'mawu anga omwe, monga ndinauwerengera mayi a kunyumba.

Ndinathamangira m'madzi mpaka m'mawondo, ndikukupiza malaya m'mwamba ndi kufuula. Sitimayo inali kutali zedi, koma ndinkaona mizere ya mawindo, ndipo ndinkadziwa kuti kuseri kwa windo lina kuli mkazi wanga, amene sadziwa Chingerezi, amene ndinamulonjeza 5 koloko. Ndinaiyang'ana mpaka inasanduka kamoto, kamotoko n'kuzima. Asodzi ananditulutsa m'madzi, n'kundikhazika pabwato logadabuzika. Wina anandipatsa tiyi m'kapu yachitsulo. Nambala ya foni ya mwana wanga sindinkaisunga pamtima; inali m'foni imene inali m'sitima. Ankandifunsa zambiri, ine n'kumangoyankha kuti, "Dalaivala, dalaivala," ndikuloza kumsewu. Mtima wanga unali utapeza kale woti umusenzetse mlandu.

Ndinakhala pamenepo mdima n'kugwa, udzudzu ukundidya, mano akugundana ngakhale kunali kotentha. Kenako, usiku ndithu, magetsi a galimoto anaunika mitengo. Kagalimoto kaja kanaima pamalo penipeni pamene kananditula, ndipo Mzee anatsika akumwetulira, ali ndi mnyamata wa msinkhu wa kusekondale. Zimene ndinachita pamenepo ndi zimene kwa zaka zitatu sindinauze munthu. Ndinamulalatira. Ndinamutukwana m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndinamuti wakuba, ndinamuti wandiphera mkazi. Iye anangoima, kumwetulira kutamuthera, manja atawagwira kumbuyo, akuyang'ana ine kenako mwana wake.

Mnyamatayo anadikira mpaka mpweya unandithera. Kenako anati m'Chingerezi chaulemu, "Bambo akuti munanena saa nne, ndipo anakufunsani kawiri ngati mukunena za usiku. Ino ndi saa nne." Anandipempha wotchi, n'kuiunika ndi foni. Anaika chala pa 4, n'kuchiyendetsa modutsa pakati mpaka pa 10. Anandifotokozera kuti kwa Mswahili tsiku limayamba dzuwa likamatuluka. Kumeneko dzuwa limatuluka cha m'ma 6 n'kulowa cha m'ma 6 pafupifupi chaka chonse, kotero 7 koloko m'mawa ndiye ola loyamba, saa moja, ndipo usiku amayambanso kuwerenga dzuwa likalowa. Nthawi imene ine ndinkafuna, 4 koloko madzulo, ndi saa kumi. Saa nne ndi 10 koloko. Ndipo mawu aja akuti mbali, amene kwathu amatanthauza cha kumphepete, kwa iwo amatanthauza kutali. Mzee ankandiuza kuti malo ano ndi akutali, si oti mlendo n'kukhalapo mpaka usiku, ine n'kumavomera ndi mutu.

Ndinakhala chete. Kawerengedwe kameneka sikanali kachilendo kwa ine. Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera ndimaimirira m'tchalitchi kuwerenga za ola lachitatu ndi ola lachisanu ndi chinayi, ndipo ndimafotokozera Akhristu kuti maolawo ankawerengedwa kuchokera m'mawa. Mnyamatayo anasuntha wotchi yanga ndi ola limodzi, n'kundiveka pamkono monga amavekera mwana. Bambo ake anasunga pangano kufikira mphindi yake. Anayenda makilomita 20 mumdima, pamafuta ake, kudzatenga mlendo amene anamupatsa nthawi yodabwitsa.

Anandipititsa kudoko. Mlonda wa pachipata anali ndi uthenga: pasipoti yanga a kusitima anaisiya kwa bambo amene amawayendetsera zinthu padokopo, monga amachitira munthu akatsalira, ndipo ndibwere m'mawa ofesi ikatsegulidwa. Ndalama ya kuhotela ndinalibe. Mzee sanafunse kanthu; anangotsegula chitseko cha galimoto. Kwawo kunali kuseri kwa tauni yakale, kumene alendo safikako, m'nyumba ya malata ya zipinda zitatu. Mkazi wake anadzuka pakati pa usiku n'kutenthetsa mpunga wophikira kokonati ndi nsomba. Anandithirira madzi osamba m'manja kuchokera m'ketulo, monga amachitira mayi anga. Thalauza langa lonyowa analitsuka mchere n'kuliyanika, n'kundibwereka nsalu. Mnyamata uja anandisiyira bedi lake n'kukagona pamkeka. Tulo sindinatione. M'bandakucha ndinamva kuitana kwa kumzikiti, ndi mapazi a Mzee akutuluka mwakachetechete kuti asandidzutse.

Kutacha anandiperekeza kuofesi ija. Kumeneko anatumiza uthenga kusitima, mayi a kunyumba n'kupereka nambala ya mwana wathu, ndipo iye anandigulira tikiti ya ndege yopita ku Mombasa, kumene sitima inali itaima. Ndalamazo zinali za fizi ya mdzukulu wanga. Mzee ananditula kubwalo la ndege. Ndinamupatsa zimene tinapangana dzulo lake, ndipo nditawonjezera timashilingi totsala anatibweza m'dzanja langa n'kulifumbatitsa. Anati, "Pole, Mwalimu." Mawu opepesera m'Chiswahili ndinkawadziwa, samahani, ndipo anali pamlomo penipeni. Ndinangoti asante n'kulowa. Dzina lake anandiuza tili ku Darajani, koma sindinalisunge, chifukwa nthawi imeneyo ndinkamuona ngati galimoto chabe.

Ku Mombasa ndinapeza mayi a kunyumba ataima pamwamba pa makwerero a sitima, maso atatupa. Dzina langa linali litaitanidwa pazokuzira mawu mobwerezabwereza, sitima yonse ikumva, iwo ali okhaokha pakati pa anthu osamvana nawo chilankhulo. Usiku wonse anachezera pampando, atafumbata foni yanga ndi mapilitsi anga a BP. Anandigwira nkhope ndi manja onse awiri n'kufunsa, "Abambo, chinachitika n'chiyani?" Kumbuyo kwawo kunali alendo ena ndi antchito a m'sitima, onse akumvetsera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za wotchi ndi za zala zinayi, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Dalaivala sanabwere pa nthawi yake. Anandisiya kutchire." Anandiyang'ana kanthawi, n'kuti, "Chachikulu mwabwera."

Bodza likangotuluka limafuna kudyetsedwa. Nditabwerera kwathu anthu ankafunsa kumene ndinagona, ndipo ndinkati padoko. Mpunga uja, bedi la mnyamata uja, thalauza loyanikidwa lija, zonse ndinazichotsa m'nkhani, chifukwa sizinkagwirizana ndi dalaivala woipa. Ndipo omvera ankawonjezera zawo. Wina anati, "Nanga si omwe aja anagulitsa makolo athu? Magazi sasintha." Ndinamva, ndipo ndinakhala chete. Ku Nkhotakota timakhala limodzi ndi zidzukulu za anthu a kugombe amene anabwera nthawi ya Jumbe. Timagulitsana mpunga, timaikirana maliro, ena ndinawaphunzitsa m'kalasi. Ine, amene ndinapita ku Zanzibar kukalira anthu ochitiridwa zosalungama, ndinabwerako ndi chikuni chokolezera chidani chakale, ndipo ndinachiponya pamoto kuti ndibise manyazi anga.

Mwezi wathawu, paukwati wina, ndinamva mnyamata amene ndinamuphunzitsa kale akulangiza mnzake wopita ku Dar es Salaam kokatenga galimoto. Anati, "Aswahili usawakhulupirire, ndi akathyali. Funsa aphunzitsi awa zimene anawachita." Anatchula ine ngati umboni, monyadira, poti mawu a mphunzitsi wake sangakhale onama. Nsima inandikanika kumeza. Ndinaona nkhope ya Mzee m'kuwala kwa magetsi a galimoto, manja ali kumbuyo, akulandira matukwano m'chilankhulo chimene sankachimva.

Usiku womwewo ndinauza mayi a kunyumba zonse, kuyambira pawotchi mpaka pamawu opepesa amene ndinawameza. Anamvetsera akusenda mtedza, osandidula. Nditamaliza anati, "Ndinadziwa kalekale, abambo. M'mawa uja, musanafike, mtsikana wina wa m'sitima wochokera ku Zambia anandimasulira uthenga wa kudoko. Anati mwapezeka, munasokoneza nthawi, ndipo dalaivala wakusungani kwawo." Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere zaka zonsezi, pamene ine ndinkanama iwo ali pambali panga. Anati, "Ndikanakuulutsani pagulu mukanangochita manyazi. Ndinkadikira kuti mudzachite chisoni."

Mlandu suwola. Mnyamata wa paukwati uja ndinamuyendera kwawo n'kumuuza zoona, ndipo Lamulungu lapitali ndinaimirira titaweruka n'kuuzanso Akhristu anzanga. Koma nkhaniyi ndinaisimba m'malo ambiri moti mapazi anga sangafikemo monse, n'chifukwa chake ndailemba. Amene munaimva kwa ine, kapena kwa amene anaimva kwa ine, ichotseni mmene munaisunga muikemo iyi. Ndipo amene mudzakhale ndi mwayi wofika pachilumbacho, pitani ku Mkunazini, pitaninso ku Mangapwani, chifukwa ndi malo athu. Wotchi muisunthe usiku womwewo. Mukamapangana nthawi ndi munthu, muonetseni nambala pawotchi, ndipo akakuitanirani womasulira, mulandireni.

Kwa Mzee ndilibe njira yofikira. Dzina ndinalitaya, nyumba ndinaiona mumdima, ndipo mwana wake pano ayenera kuti anamaliza sukulu. Ndapempha mwana wanga kuti Mulungu akalola tidzapiteko pandege, ndikaime pa Darajani ndi kufunsa za bambo wa ndevu zoyera amene anasunga Mwalimu wa ku Malawi. Mwina adzakhala alipo, mwina ayi. Pakali pano wotchi ija ndimaivalabe. Usiku uliwonse ikamakwana 10 koloko, mayi a kunyumba akamatseka zitseko, ndimaiyang'ana n'kunena chamumtima mawu amene anandikanika pabwalo la ndege: samahani, Mzee, munabwera pa nthawi yake.